Mkamwini wanthabwala: ndimulole kapena ndiyambe ndadikira?

Malume_wa_pa_Bereu

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ine ndine mwinimbumba kwathu kuno ku Bereu. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ndamulipirira fizi mpaka folomu 4, wabwera ndi mnyamata woti amange naye banja. Mnyamatayo amapalasa shapa, njinga ya kabaza, pa Nchalo. Umphawi wake sindikuudandaula, ifenso tinalowa m'banja tili ndi mphasa imodzi ndi poto wobwereka. Chimene chandisowetsa tulo ndi pakamwa pake. Munthuyu sangathe mphindi zisanu osaponya nthabwala.

Tsiku limene anabwera kudzaonekera ndinavala nkhope ya ukulu, n'kukhala pampando wandalema pansi pa mtengo wa nimu. Ndinamufunsa kuti, "Nanga mwana wathuyu mukamudyetsa chiyani? Muli ndi chiyani inu?" Iye atanjuta bwinobwino, chipewa chili m'manja, akuti, "Malume, ndili ndi galimoto ya matayala awiri. Injini ndine ndemwe, mafuta ake ndi nsima ya mapira. Mafuta akasowa m'dziko muno anzanga a minibasi amagona pamzere, ine ndimangopempha mayi kuti awonjezere mtanda umodzi." Mlongo wanga, amene ndinali nditamulangiza kuti akhale duu, anathawira kuseri kwa khola la mbuzi kukaseka. Ine ndinadziluma mlomo mpaka kuwawa.

Malemu bambo anga ankakonda kunena kuti mwamuna woseketsa anthu ndi wa pabwalo, si wa m'nyumba. Ndinakula nawo mawu amenewo, ndiye tsiku limenelo ndinagona nditatsimikiza kuti apa palibe mkamwini, pali chibwana chamchombolende.

Koma mu Seputembala munachitika chinthu. Thiredo pampu yanga ku dimba inasiya kukoka madzi. Umaponda mpaka thukuta kamukamu, paipi ingopuma mpweya. Labala wa m'kati uja anali atadyeka, ndipo nditazungulira mashopu a pa Nchalo anandiuza kuti mwina ku Blantyre. Chimanga chinali chitayamba kupinda masamba, dzuwa lake mukulidziwa la kuno. Mnyamata uja anafika kudzatula thumba la feteleza limene ndinamutuma. Anayang'ana pampu, kenako mapazi anga, akuti, "Malume, pampu yanuyi sikudwala, ikungosirira patapata." Ine ndinkayesa chipongwe. Ndikuona wavula patapata wake yemwe, wadula chozungulira ndi mpeni, wachinola m'mbali pamwala mpaka chalowa ndendende, waboola pakati ndi msomali wotentha. Pa valavu anaikapo kachidutswa ka chubu chakale cha njinga. Ataponda kasanu madzi aja khwaa! Mpaka lero ikukoka. Anabwerera ku Nchalo ndi patapata mmodzi, akuuza aliyense panjira kuti phazi lakumanzere lalakwa, lili pachilango.

Ndiye funso langa nali. Kodi nthabwalazi ndi luso la manjali zimachokera m'thumba limodzi, kapena zinangokumana mwangozi mwa munthu mmodzi? Ndipo chimene mwana wathu wamukondera munthuyu, chimenenso makasitomala amamudikirira pa siteji njinga zina zili mbwee, n'chinthu chokhalitsa kapena ndi shuga wa pamwamba chabe? Achibale akudikira mawu anga kuti tikonze za chinkhoswe.

Mayi_a_ku_Makhanga

Malume, za pampu sindizidziwa, koma za kuseka ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa.

Madzi a mu Januwale 2015 anatichotsa kwathu, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatichotsanso. Ulendo wachiwiriwu pamsasa tinali ndi gogo wina wamkazi, wamano atatu okha. Usiku woyamba aliyense anali ndwii, ana akulira, zovala zili chinyowere. Mayi wina anamufunsa gogoyo kuti nyumba yawo yatsala bwanji. Iwo akuti, "Nyumba yanga yatsogola ku Mozambique kukasaka ganyu. Yanena kuti ikakhazikika iitanitsa." Tinaseka misozi ili m'masaya, chifukwa tonse tinaona madenga athu akutsika ndi Shire kulowera komweko. Pambuyo pake mpamene anthu anayamba kufunsana mayina ndi kubwerekana zitenje.

Posankha komiti yogawa ufa, amayi tonse tinaloza gogo yemweyo, chonsecho sadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Pamzere pakabuka mkangano, iwo ankangofika n'kunena kanthu kamodzi, okanganawo n'kupezeka akusekera limodzi, manyazi atawagwira. Amuna ena ophunzira anayesa kukhazika bata ndi ukali, nkhabe, zinakanika. Ndiye musamachepetse munthu amene amatha kumasula nkhope za anthu. M'banja masiku a ndwii ndi ambiri kuposa a chikondwerero, makamaka kuno kumene chaka china umakolola, chaka china ukukumba nyika, mizu ya kakombo yodya pa njala, m'dambo.

Mphunzitsi_wa_ku_Ngabu

Funso lanu loyamba lili ndi yankho, Malume, ndipo mwaliyankha nokha osazindikira. Taonani chimene mnyamatayo anachita pansi pa nimu paja: anatenga njinga n'kuiona ngati galimoto, nsima n'kuiona ngati petulo. Ku dimba anatenga patapata n'kumuona ngati labala wa pampu. Ntchito yake ndi imodzimodzi, kuona chinthu chimodzi pawiri. Inu ndi ine tikaona patapata timaona chovala kuphazi basi, maganizo athu amaima pomwepo. Ake amapitirira.

Makolo athu ankatiphunzitsa zomwezi madzulo pamoto. "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Mwana amazunguza mutu kufunafuna nyumba, kenako wina akati "dzira" onse amaseka. Amaseka chifukwa mutu wadumpha kuchoka pa nyumba kufika pa dzira, ndipo kudumphako kumakoma.

Azungu anaziyesapo izi. Mu 1987 katswiri wina wa ku America, Alice Isen, ndi anzake anapatsa ophunzira kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza timisomali, n'kuwauza kuti aimike kanduloyo pakhoma mwa njira yoti phula lisadonthere pansi. Njira yake ndi kukhuthula timisomali tija, kukhomera kabokosiko pakhoma, n'kukhazika kandulo m'menemo. Ambiri amalephera chifukwa kabokosi amangokaona ngati chosungira misomali. Ophunzira amene anayamba aonetsedwa kanema woseketsa wa mphindi zochepa anapeza njirayi ochuluka kwambiri kuposa anzawo. Ndiye si kuti oseketsa okha ndiwo amaganiza mwaluso, ngakhale woseka mutu wake umamasuka.

M'kalasi ndaziona kwa zaka zambiri. Mwana amene amandipatsa dzina lachipongwe chaka chilichonse, dzina loti ngakhale ine ndikalimva ndimavomereza kuti landikhala, kawirikawiri ndi yemwenso amalemba chimangirizo chosiyana ndi cha anzake. Sindikunena kuti amakhoza mayeso. Ena mwa iwo ndi alesi otheratu. Nzeru zodumphadumphazi ndi china, khama lodzuka 4 koloko m'mawa ndi chinanso, ndipo pamenepo ine sindingamuikire umboni mnyamata wanuyo.

Wotopa_ndi_kuseka

Aphunzitsi alankhula bwino, koma Malume mundimvere inenso, chifukwa ine ndinakwatiwa ndi munthu wotere. Zaka 14 tsopano, kuno ku Nsanje.

Ndinamukonda chifukwa cha pakamwa pomwepo. Pachibwenzi ndinkabwerera kunyumba nthiti zikuwawa. Anthu onse ankati ndachita mwayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene anazolowera kuti anthu azimusekerera amafuna omvera tsiku ndi tsiku, ndipo mkazi mmodzi amene nthabwala zakezo wazimva kakhumi samukwanira. Ndiye madzulo ali pabawo, usiku ali pamowa, ndipo salipira yekha, anzake amamugulira kuti asachoke. Kunyumba amafika mawu atatha.

Choipitsitsa n'chakuti nthabwala zimafuna ndiwo, ndipo ndiwo yapafupi ndi mkazi wako. Alendo akabwera, nkhani imakhala nsima yanga, kuti yamadzi ngati Shire wa mu Febuluwale. Imakhala Chichewa changa, poti ine ndinakulira m'Chisena ndipo mawu ena amandipotoka. Amanditsanzira, alendo kugwa nacho chikhakhali, ine ndili chigwadire ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ukadandaula akuti, "Aaa, ndimangocheza, iwe sudziwa macheza." Ukapita nazo kwa ankhoswe, iwonso amayamba aseka kaye, chifukwa amafotokoza mlanduwo ndi iyeyo, ndipo amaufotokoza mokoma. Munthu woseketsa sagonja pamlandu, Malume. Zimenezo muzidziwiretu monga mwinimbumba.

Sindikuti mumukane. Patapata uja wandikhudza, wangayu sangavule wake. Koma musamuyese poona ngati inu mukuseka. Muone kuti amene akusekedwayo ndani, ndipo ngati ali ndi mphamvu yobweza. Akamaseka umphawi wake, phazi lake, dzuwa la Okutobala, palibe vuto. Mukadzamumva akutsanzira wachibwibwi, kapena akuserewula kasitomala wonenepa atangotsika panjinga, mudziwe kuti mawa ndi mwana wanu.

Mphunzitsi_wa_ku_Ngabu

Mayi, mwandigwira pakamwa, ndipo ndavomera. Rod Martin wa ku Canada ndi anzake mu 2003 anasiyanitsa nthabwala mitundu inayi: zolumikiza anthu, zodzilimbitsa mtima pamavuto ngati za gogo wa pamsasa uja, zobaya ena, ndi zodzinyazitsa wekha kuti anthu akukonde. Luso lopeka ndi lomwelo m'mitundu yonseyi, n'chifukwa chake zobayazo zimapweteka kwambiri zikachokera kwa katswiri. Pepani ndi zimene mukukumana nazo.

Mdzukulu_wa_ku_East_Bank

Ine ndimakumba nawo manda m'mudzi mwathu. Anthu achilendo amadabwa kutimva tikuseka kumanda, koma popanda macheza dothi louma gwaa la chilimwe simungalithe, ndiponso mtima sungapirire. Chimene ndaona n'chakuti pagulu lathu odziwa kuseketsa alipo angapo, koma amene timamulemekeza ndi mmodzi. Iyeyo bokosi likangotulukira, kapena namfedwa akayandikira, amatseka pakamwa ngati wathira loko, ndipo tonse timatsatira. Wina tinachita kumuletsa kubwera chifukwa samadziwa poimira.

Inu mwati mnyamatayo sangathe mphindi zisanu. Kodi munamuonapo pamaliro kapena pa matenda? Mufunse anzake a pasiteji.

Malume_wa_pa_Bereu

Takhuta nonse. Mayi a ku Nsanje, mawu anu ndawawerenga katatu, ndipo ndamuwerengeranso mlongo wanga. Anangoti phee.

Dzulo ndinamuitana mtsikanayo payekha. Ndinamufunsa ngati mnyamatayo amamuseka pagulu. Akuti, "Malume, amayesa, koma ine ndimabweza, ndipo nthawi zambiri amagonja ndi iyeyo." Anandiuza kuti dzina limene anzake onse a shapa amamutchula nalo pa Nchalo analipeka ndi iye mtsikanayu, ndipo mnyamatayo analilemba yekha ndi penti kuseri kwa kaliyala. Ine mwana ameneyu ndamulera kuyambira ali ndi zaka 6, ndimamudziwa ngati wofatsa, wongoti "inde malume", "ayi malume". Sindinkadziwa kuti ali ndi pakamwa pakuthwa chotero. Kapena nkhope yanga ya ukulu ija ndi imene inkamutsekereza, kaya.

Zinandikumbutsa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Tinkasonkhana pa wailesi imodzi mudzi wonse, ndipo chokoma chinali kuponyerana kwawo, wina akaponya mnzake wawakha n'kubweza. Izeki atatisiya mu 2016 mpamene ambiri tinazindikira kuti tinkaseka anthu awiri, osati mmodzi ndi womuperekeza.

Achimwene a ku East Bank, funso lanu ndilibe nalo yankho. Pamaliro sindinamuonepo. Ndatuma mphwanga amene amagulitsa nsomba pamsika wa Nchalo kuti afufuze mwakachetechete, afunsenso ngati madzulo amapezeka pamowa.

Ine ndakonza mayeso angaanga. Loweruka ndikwera shapa yake kuchoka pa Nchalo mpaka kuno ku Bereu, masana dzuwa lili paliwombo, nditanyamula thumba la mbatata. Tikafika ndimuuza kuti ndalama ndaiwala m'thalauza lina, ndipo sindimupatsa ngakhale madzi akumwa. Ndikufuna ndimve nthabwala imene imatuluka munthu atatopa, ali ndi ludzu, ndiponso atadyeredwa. Ndidzakuuzani.

Wa_dimba_ku_Bangula

Pepani ndalowerera nkhani ya banja. Malume, patapata wake anali wa mtundu uti, wofewa uja kapena wolimba wa matayala? Yanganso yasiya kukoka sabata ino, anyezi akuuma.

Malume_wa_pa_Bereu

Wofewa, wa buluu, wa pamsika wamba. Koma mudule chokulirapo pang'ono n'kumanola pamwala mpaka chilowe mothina. Ine nditayesa ndekha mbali inayo ndinadula chaching'ono, ndaononga patapata wa mayi a kunyumba, ndipo mpaka pano sanadziwe kumene anapita.