Bambo akukalamba: wilo, nyumba ndi penshoni tiyambire pati?

Membala wosatchula dzina: Abale ndi alongo, thandizeni maganizo. Bambo athu ali ndi zaka 74, ayamba kuiwalaiwala. Ali ndi nyumba ku Chinamwali, akaunti ku banki, penshoni, komanso munda kwawo ku Jali. Ana tilipo asanu, awiri ndi a kwa mayi ena. Tichite chiyani akadali moyo kuti chuma chisadzatiyambanitse?

Wa ku Matawale: Yambani ndi wilo mwezi uno, mutu ukadagwira. Ikhale yolembedwa, asainire okha pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, mbonizo zisainirenso iwo akuona. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mboni isakhale munthu wolandira kanthu mu wiloyo, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake, apo ayi gawo lakelo likhoza kugwa. Tengani m'busa kapena mnansi. Poti mwati akuiwala, dokotala awaone tsiku lomwelo kapena pafupi, alembe kalata yoti akuzindikira zomwe akuchita. Popanda kalatayo wina adzauza khothi kuti munawanyengerera. Inu ana musakhale m'chipindamo polemba. Nyumba ilembedwe ndi nambala ya puloti, osangoti "nyumba yanga". Atchulenso munthu wodzayendetsa chumacho. Wiloyo kasungitseni ku High Court konkuno ku Zomba kapena kwa loya, osati pansi pa matiresi.

Mayi wa ku Domasi: Ana awiriwo musawasiye kunja, achimwene. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silisankha kuti uyu ndi wa m'banja, uyu wa kunja, onse ndi ana. Limanenanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Za mundawo n'zina. Kuno kwathu kwa chikamwini malo a makolo amayendera mbumba, ndiye khalani pansi ndi amalume awo kapena mwini mbumba, amfumu alipo, mudziwiretu ngati munda uli wa bambo kapena wa mtundu.

Membala wosatchula dzina: Zikomo amayi. Nanga banki? Khadi ndi PIN tili nazo kale.

Wa ku Matawale: Musadalire khadi. Akadali moyo, loya akonze power of attorney (kalata yopatsa wina mphamvu yowayimira) kapena kafunseni ku banki kwawo fomu yowasainira, koma mphamvuyo imatha tsiku lomwe amwalira. Banki ikangomva za imfa imatseka akaunti mpaka mubweretse chiphaso cha imfa cha ku NRB (ofesi ya kalembera wa unzika) ndi chilolezo cha khothi. Kutapa ndalama ndi khadi mwini atamwalira kungakugwetseni m'mavuto. Ku penshoni kaonetsetseni fomu ya odzalandira. Kwa ena imakhala ikadali ndi dzina la mkazi yemwe anamwalira kalekale. Dzina pa chiphaso cha unzika, ku banki ndi pa mapepala a nyumba lifanane chilembo ndi chilembo. Ngati ndalama ya loya yavuta, pitani ku Legal Aid Bureau.