Funso: tingatsimikizire bwanji ndi blockchain kuti ma loot box sakubera osewera?

Akatswiri anzanga, ndithandizeni nzeru. Ma loot box ndi mabokosi a m'masewera a pakompyuta omwe wosewera amatsegula osadziwa chomwe chili mkati, ndipo blockchain (chain) ndi kaundula wa pa intaneti yemwe zolembedwamo sizisinthidwa. China idalamula mu 2017 kuti makampani a masewera azionetsa mwayi wopeza chinthu chilichonse m'bokosi, ndipo Belgium idati mu 2018 ma loot box ogula ndi ndalama ndi juga. Koma kulemba kuti lupanga losowa limatuluka kamodzi pa 100 sikutsimikizira kuti seva (kompyuta ya kampani yoyendetsa masewerawo) ikuchitadi zimenezo.

Njira yomwe ikuoneka yotheka ndi iyi. Malonda asanayambe, kampani iika pa blockchain hash ya SHA-256 (chidindo cha manambala chomwe chimasintha zolembedwa zikangosinthidwa) ya nambala yake yachinsinsi pamodzi ndi tebulo la mwayi. Bokosi lililonse litsegulidwa posakaniza nambalayo, nambala ya wosewera ndi nambala ya kugula. Nyengo ikatha chinsinsi chiululidwa, aliyense awerengetsenso yekha. Kugwiritsa ntchito hash ya block (tsamba limodzi la blockchain) yokha posankha zotuluka m'bokosi nkoopsa, chifukwa wopanga block angathe kutaya block imeneyo ngati zotsatira sizikumukomera.

Apa ndi pomwe pavuta. Kulemba kugula kulikonse pa chain kumadya gas wambiri (ndalama zolipira polemba pa chain), ndiye timasonkhanitsa kugula kwa ola lonse mu Merkle root imodzi (hash imodzi yoimira mndandanda wonsewo). Nanga kampani ikasiya dala kugula kwina kunja kwa mndandandawo, woyang'anira adziwa bwanji? Kodi risiti yosainidwa yoperekedwa kwa wosewera nthawi yomweyo ndi yokwanira?

Chachiwiri: msinkhu wa wogula ndi malire a ndalama tingawalembe bwanji, pomwe GDPR (lamulo la European Union loteteza zinsinsi za anthu) imalola munthu kufufutitsa zake koma chain siifufuta kanthu? Ana ndiwo amavulala kwambiri pa nkhaniyi.