Kodi kulemba kuti "Copied" n'kokwanira pogawa zolemba za munthu wina?

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni. Pali nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu iwiri tsopano, ndipo ndikupempha nzeru zanu.

Ndimayang'anira tsamba laling'ono la alimi a kwathu pa Facebook. Nthawi yokolola, mlamu wanga ananditumizira pa WhatsApp uthenga wofotokoza kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS (matumba osalowetsa mpweya osungiramo zokolola): kuti chimanga chiyambe chaumitsitsa mpaka kumathetheka pochiluma, kuti matumba awiri a pulasitiki a m'kati amangidwe lililonse palokha, ndiponso kuti anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, popanda kuthira mankhwala. Pamwamba pake panali mawu akuti "Forwarded many times", koma dzina la wolemba panalibe. Ndinaukopera, n'kuuika pa tsamba lathu, n'kulemba kumunsi kuti "Copied" monga ambiri amachitira.

Anthu anayamba kundithokoza ngati kuti ndinalemba ndine, ndipo ndivomere kuti sindinawawongole, pakuti kuyamikiridwako kunandikomera. Patapita masiku, mayi wina anandilembera kumbali, mwaulemu ndithu, kundionetsa pamene iwo analemba mawu omwewo chaka chatha, tsiku lake likuoneka. Anangondifunsa kuti, "Bambo, Copied ameneyu ndi dzina la yani?" Manyazi anandigwira.

Funso langa ndi lakuti, ndikonze bwanji popanda kutaya ndemanga zimene alimi analemba kale pansi pake? Nanga ngati mwini wake sakudziwika ngakhale utafufuza, chabwino n'kusagawa n'komwe?

Yankho

Bambo, musafufute. Facebook imalola kusintha zimene munalemba kale, choncho ikani dzina la mayiwo pamwamba penipeni, osati kumunsi kumene anthu safikako, ndipo muikenso linki ya pamene iwo analemba. Kenako mulembe ndemanga yopepesa poyera, chifukwa matamandowo munawalandiranso poyera. Tsiku lina mukapeza zolemba pa Facebook pomwepo, dinani Share, popeza dzina la mwini wake limayenda nazo lokha. Mawu akuti "Copied" kapena "Credit to the owner" amangonena kuti si zanu, koma sathandiza wowerenga amene ali ndi funso kupeza woyenera kumufunsa. Kuti mupeze mlembi, tengani chiganizo chimodzi n'kuchiika pa malo ofufuzira a Facebook kapena Google. Nthawi zina amene analemba poyamba amatulukira.

Yankho lina

Ndiwonjezere kuti nkhaniyi siithera pa ulemu pokha. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Copyright la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito za alembi ndi aluso. Zimene munthu walemba zimakhala zake kuyambira pamene wazilemba, ngakhale asanalembetse kulikonse, ndipo kutchula dzina lake sikulowa m'malo mwa kupempha chilolezo, makamaka ngati mwatenga zonse kapena tsamba lanu limakubweretserani ndalama. Komabe ndisiyane pang'ono ndi anzanga pamwambapa: musathamangire kuika dzina la mayiwo musanawafunse. Alipo ena amene analemba m'gulu la banja kapena la mpingo, ndipo sangakondwe kuona dzina ndi nambala yawo zikuyenda pa sikirinishoti pakati pa anthu osawadziwa.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Mayiwo ndawafunsa, ndipo avomera kuti ndiike dzina lawo, koma nambala yawo ya foni akana. Ndakonza kale, ndipo alimi awiri ayamba kuwafunsa iwo mwachindunji za matumba obooka. Chatsala n'chithunzi cha nkhokwe chimene chinabwera ndi uthengawo, chomwe mayiwo akuti si chawo. Ndachichotsa kaye, koma ngati alipo wodziwa njira yofufuzira mwini chithunzi pa foni, andithandize.