Agogo oiwalaiwala akulavula mankhwala, mwana wawo akuti tiziwabisira m'phala

Namwino wa kuwodi ya amayi: Anzanga, nkhani iyi yanditopetsa. Tili ndi agogo odwala dementia (matenda oiwalaiwala) amene akulavula nifedipine, mankhwala otsitsa BP, m'mawa uliwonse ponena kuti tikufuna kuwapha, pomwe BP yawo sikutsika. Mwana wawo, yemwenso ndi gadiyani, akuumirira kuti tiziphwanya piritsilo n'kulithira m'phala. Kodi pachipatala cha mishoni, kukana kwa munthu amene sakuzindikira ngakhale mwana wake tikulemekeze?

Dokotala wa ku OPD (koonera odwala osagonekedwa): Ngati ndi nifedipine wa retard, wosungunuka pang'onopang'ono, musaphwanye, chifukwa mphamvu yoyenera kutuluka pang'onopang'ono idzalowa m'thupi nthawi imodzi ndipo BP idzagwa mwadzidzidzi.

Sisitala wopuma ntchito: Moyo ndi wa Mulungu. Munthu amene mutu wake sukugwira sangasankhe, choncho mankhwalawo alowe basi.

Namwino wa ku Leeds, ku England: Kuno lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu azitengedwa kuti ndi wotha kusankha yekha mpaka zitatsimikizika kuti sangathe pa nkhani imeneyoyo, ndipo kusankha mopanda nzeru si umboni woti sangathe. Kubisa mankhwala m'chakudya kumachitika pokhapokha dokotala, wa ku famase ndi achibale atakambirana n'kulemba chifukwa chake. Ndinaonapo abambo ena amene atangomva kuwawa m'phala anayamba kukankha mbale iliyonse, ngakhale kapu ya tiyi, ndipo vuto la BP linasanduka la njala.

Abusa a pachipatala: Amayi Sisitala, chifaniziro cha Mulungu cha pa Genesis 1:27 sichifufutika munthu akayamba kuiwala, ndipo n'chifukwa chake kuwanamiza agogowa si nkhani yaing'ono. Funsani ana awo zimene ankanena za mankhwala asanadwale. Mantha awo ndi enieni ngakhale chifukwa chake chili cholakwika, makamaka kwathu kuno kumene okalamba otere ena amawanena kuti ndi afiti.

Sisitala wopuma ntchito: Abusa, akachita sitiroko usiku, chifanizirocho mudzakachifotokoza ndinu kwa anawo? Mankhwalawo alowe.

Dokotala wa ku OPD: Kodi kukanaku kwayamba liti? Ngati ndi kwa masiku ochepa, yezani mkodzo, shuga ndi malungo, popeza matenda otere amasokoneza mutu wa okalamba mwadzidzidzi. Yesaninso kusintha nthawi ndi munthu wopereka, chifukwa ena amakana kwa wovala yunifolomu koma amalandira kwa mdzukulu wawo.

Sisitala wopuma ntchito: Nthawi yathu tinkangopereka, ndipo palibe wachibale amene anatidandaula.