Agogo akudzikanda usiku wonse, Piriton sakuthandiza

Namwino wa ana: Anzanga, ndigawireniko nzeru, ine ndinazolowera ana. Agogo anga, omwe apitirira zaka 80, khungu likuwayabwa kwa miyezi ingapo tsopano, makamaka m'miyendo ndi kumsana. Zidzolo palibe, mabala amene akuoneka ndi odzikanda okha. Usiku amamwa Piriton koma amadzikandabe mpaka mbandakucha.

Clinical officer: Asisi, tiyambe ndi mphere. Ena m'nyumbamo akuyabwidwanso? Mwayang'ana pakati pa zala, pamfundo za manja, m'chiuno ndi pamchombo? Kwa okalamba mphere imabisala, siioneka bwino ngati kwa ana.

Namwino wa ana: Ndayang'ana monsemo, mulibe kanthu, ndipo wina aliyense sakudandaula. Koma miyendo yatuwa, khungu lake lang'ambikang'ambika.

Namwino wa odwalira kunyumba: Pamenepo ine ndikukayikira kuuma kwa khungu. Munthu akamakalamba khungu limachepa mafuta ndipo silisunganso chinyezi. Amasamba bwanji? Kawirikawiri achibale, pofuna kuthandiza, amawasambitsa kawiri patsiku ndi madzi otentha kwambiri, sopo wopha majeremusi, n'kumawakhula ndi chinkhupule poganiza kuti vuto ndi litsiro. Kumeneko n'kumene kumakolezera. Asambe kamodzi, mwachidule, madzi akhale ofunda chabe. Sopo apite kukhwapa, kumaliseche ndi kumapazi basi. Popukuta muzingogunditsa thaulo, osakhula, ndipo adzoleni Vaseline kapena mafuta ofewetsa khungu otchedwa emulsifying ointment khungu lisanaumiretu. Madzulo adzolenso, mowolowa manja. Mafuta onunkhiritsa asiyeni. Calamine nayenso amaumitsa khungu, ngakhale amazizira bwino poyamba. Awengeni zikhadabo, ndipo zovala zokhudza thupi zikhale za thonje. Chenjerani ndi mafuta kumapazi, angaterereke.

Wa ku famase: Ine mtima wanga uli pa Piriton uja. Kwa munthu wa zaka zimenezo amabweretsa chizungulire, kusokonezeka mutu ndi kudzimbidwa, ndipo akadzuka usiku kupita kuchimbudzi akhoza kugwa n'kuthyoka chiuno. Azibambo okalamba amawatsekanso mkodzo. Kuyabwa kochokera ku khungu louma sikumva kwenikweni mankhwala a gulu la Piriton, amangogonetsa munthu. Akumwanso mankhwala ati? Mankhwala opha ululu monga tramadol, codeine ndi morphine amatha kuyabwitsa. Ena a BP, monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine, amathanso kuvutitsa khungu.

Namwino wa ana: Amamwa hydrochlorothiazide, koma anayamba kalekale. Za kasambidwe mwalasa, achimwene, amakonda madzi otentha zedi. Wina anawapatsanso betamethasone, mankhwala odzola amphamvu ochepetsa kutupa ndi kuyabwa.

Wa ku famase: A BP musawasiyitse nokha, akaone amene anawalembera. Betamethasone wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, pomwe lawolo ndi lopyapyala kale. Ngati pali malo ofiira, hydrocortisone 1%, mankhwala odzola a mphamvu yocheperapo, pamalo pomwepo kwa masiku ochepa akwanira.

Clinical officer: Ndikuvomereza zonsezi, koma tisathamangire kutseka nkhani. Kuyabwa kukapitirira masabata 6 popanda zidzolo, timafufuzanso m'kati mwa thupi. Akayezedwe impso, chiwindi, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro. HIV nayo ayezedwe, ukalamba si chifukwa choidumphira. Onani ngati maso achita chikasu, mkodzo wada, akuwonda, akutuluka thukuta usiku kapena ali ndi mwanabere. Chilichonse mwa izi chikapezeka musadikire kuti mafuta agwire ntchito. Chimodzimodzi mukaona matuza akuluakulu olimba, chifukwa matenda a khungu otchedwa bullous pemphigoid amatha kuyamba ndi kuyabwa kokha matuza asanatuluke.

Namwino wa odwalira kunyumba: Usiku kukawavuta, ikani kansalu konyowa kozizira pamalopo, kenako mafuta. Mafutawo apatseni masabata awiri kapena atatu musanagamule kuti alephera.

Namwino wa ana: Zikomo nonse. Piriton ndi sopo uja tisiya lero. Mawa ndipita nawo kukatengetsa magazi, ndipo mankhwala awo onse ndinyamula kuti adokotala akawaone.

Clinical officer: Munyamulenso zodzola zonse, ngakhale zimene anagula okha. Zotsatira za creatinine, zoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, zikatuluka mutiuze.