Kodi kugonjetsa dziko ndiye kudula mitengo yonse?

Mlimi wa ku Ulongwe:
Abale, ndithandizeni. Lamulungu lapitali ndinakangana ndi amalume. Agwetsa misuku yonse kuseri kwa munda wathu, akuotcha makala okagulitsa ku Tete. Nditawafunsa anangonditsegulira Genesis 1:28, amvekere Mulungu anatipatsa dziko kuti tiligonjetse. Ine kukamwa yasa. Kodi vesili likunenadi zimenezi?

Mayi wa ku Domwe:
Mwanawe, auzeni apitirize kuwerenga. Pa Genesis 2:15 Adamu anaikidwa m'munda wa Edeni kuti aziulima ndi kuusamalira. Komanso mitengo inalengedwa tsiku lachitatu, munthu lachisanu ndi chimodzi. Mulungu anaona kuti ili bwino ife tisanabwere n'komwe. Koma mukawauze panokha, osati pagulu. Ndi amalume anu.

Bambo wa ku Moatize:
Musawaweruze msanga achikulirewo. Feteleza wadula, ndiye atani? Kuno timapukuta fumbi la ku migodi ya malasha m'mbale m'mawa uliwonse, ndipo okumbawo satsegulira munthu vesi.

Mlimi wa ku Ulongwe:
Zoona bambo. Chikundiwawa n'choti masuku ake ndinkatola ndili mwana, thumba la yunifolomu lodzadza. Ndikayankhula nawo Loweruka akabwera ku msika.