Nkhandwe zikutha nkhuku: .22 LR kapena .223?

Mlimi wa ku Santhe: Akuluakulu, chipolopolo choyenera nkhandwe n'chiti?

Wa ku Chamama: Achimwene, .22 LR isiyireni akalulu. Imatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 370 pa sekondi, koma ikapitirira mamita 75 imagwa msanga, mphepo n'kumaikankha. Nkhandwe imangovulala n'kukafera kutchire. Chipolopolochi chikamenya mwala chimanjanjanso.

Wa ku Chulu: .223 Remington imathamanga pafupifupi mamita 980 pa sekondi, pa mamita 200 imagwetsa. Gulani ya nsonga yofewa, FMJ (ya nsonga yokutidwa ndi chitsulo cholimba) imangoboola n'kupitirira. Ikaphonya imapita kutali zedi, ndiye kuseri kwa nyamayo kukhale chulu, osati mudzi.

Wa pa boma: Pakatikati pali .22 Hornet, phokoso lochepa, yabwino mpaka mamita 150. Komatu bambo, yambani mwatenga laisensi kupolisi, ndipo ngati mwayandikana ndi paki ya Kasungu, kaonaneni kaye ndi a zanyama zakutchire.